Momwe Mungakonzere ndi Kutsatsa Shoo ya Oimba Popanda Kudalira Ndalama za Pageti

Anthu ambiri amene amayamba bizinesi yokonza mashoo m'Malawi muno amagwa pa chifukwa chimodzimodzi. Amalonjezana ndi woimba, amabwereka holo, amamata maposita m'tauni monse, kenako amakhala pansi kudikira kuti ndalama zonse zibwerere pageti usiku wa shooyo. Tsikulo likafika anthu amabweradi ndipo nyimbo zimakoma, koma powerenga ndalama m'bandakucha zimapezeka kuti sizikukwana ngakhale kulipira mwini zida zokuzira mawu. Malangizo awa alembedwera promota amene akufuna kukonza shoo ya anthu mazana angapo kapena kufika 1,000, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti ndalama zambiri za shoo ziyenera kukhala zitalowa kale geti lisanatsegulidwe.

Zimene muyenera kukhala nazo musanayambe

- Buku kapena fayilo ya pakompyuta yolembamo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ngakhale ya kabaza wonyamula maposita.
- Ndalama zanuzanu zoyambira, zokwanira kulipira dipoziti ya woimba, ya malo ndi ya zida, zimene sizingagwetse banja lanu ngati zitatayika.
- Nambala za Airtel Money ndi TNM Mpamba zolandirira ndalama za shoo zokha, pamodzi ndi akaunti ya kubanki, makamaka ya bizinesi yolembetsedwa.
- Mgwirizano wolemba wa woimba aliyense, wa mwini malo ndi wa mwini zida.
- Matikiti okhala ndi manambala otsatizana komanso chiputu chotsalira m'buku, ndiponso zibangili zapepala kapena chidindo cha padzanja.
- Anthu osachepera atatu owakhulupirira: woyang'anira ndalama, woyang'anira siteji ndi oimba, komanso woyang'anira geti.

Gawo 1: Werengerani ndalama musanaimbire foni woimba aliyense

Lembani zonse zimene shoo idzadye: malipiro a oimba, mayendedwe, chakudya ndi malo awo ogona, lendi ya malo, zida, jenereta ndi mafuta ake, apolisi ndi mabaunsa, wotsogolera mwambo, zilolezo, misonkho, kusindikiza ndi kutsatsa. Pamwamba pa zonsezo onjezani gawo limodzi mwa magawo 10 la zogwa mwadzidzidzi, chifukwa mitengo ya m'dziko muno siikhazikika kuchokera pa tsiku limene mwafunsa kufika pa tsiku limene mukulipira.

Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zakwana K6,000,000, ndipo kampani ina yavomera kukuthandizani ndi K1,500,000. Ndalama zimene ziyenera kuchokera m'matikiti ndi K4,500,000. Ngati holo yanu imalowa anthu 800, musagawe ndalamazo ndi 800, chifukwa holo siidzaza ndi anthu olipira okhaokha. Werengerani kuti olipira adzakhala 500, ndipo mudzapeza kuti tikiti iliyonse iyenera kubweretsa K9,000 kuti mungobweza zimene munalowetsa. Mukaika mtengo wa K10,000, ndiye kuti mpaka mutagulitsa matikiti 450 simunapange phindu lililonse. Nambala imeneyi muilembe pachikuto cha buku lanu, popeza ndiyo idzakuuzeni sabata iliyonse ngati shoo ikuyenda kapena ikumira.

Chenjezo: ngati mtengo umene mwapeza ndi woposa umene anthu a m'deralo amalipira poonera woimba ameneyo, musadzinamize kuti adzalipirabe. Chepetsani zowononga, kapena sankhani woimba wina.

Gawo 2: Sankhani tsiku ndi malo mogwirizana ndi matumba a anthu

Tsiku labwino ndi limene anthu ali ndi ndalama ndipo alibe kwina kowakokera. M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kumapeto kwa sabata imene ogwira ntchito alandira malipiro kumaposa kwambiri pakati pa mwezi. Mwezi wa Januwale ndi wovuta chifukwa anthu amakhala atawononga pa Khirisimasi ndipo akufunafuna fizi, pamene m'maboma olima fodya monga Kasungu, Dowa ndi Mchinji ndalama zimayamba kuzungulira misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo.

Ganiziraninso nyengo. Shoo ya pabwalo pakati pa Novembala ndi Epulo imakhala m'manja mwa mvula, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira kwa usiku kumathamangitsa anthu msanga, makamaka ku Blantyre, Dedza ndi Mzuzu. Ichi ndi chifukwa chake zikondwerero zazikulu za kunyanja, monga Lake of Stars imene inayamba mu 2004 ku Chintheche, ndi Sand Music Festival imene malemu Lucius Banda anayambitsa, zakhala zikuchitika kawirikawiri m'miyezi yotentha mvula isanayambe. Promota wamng'ono apewe kuika shoo yake pa sabata imene zikondwerero zoterezi zikuchitika, chifukwa oimba otchuka, zida zabwino ndi anthu okonda kuwononga ndalama pa zoimbaimba amakhala atapita konko. Momwemonso yang'anani ndandanda wa mpira: masana amene Nyasa Big Bullets ikukumana ndi Mighty Wanderers si masana oikapo shoo ku Blantyre.

Pa nkhani ya malo, sankhani ocheperapo kusiyana ndi momwe mtima wanu ukufunira. Anthu 600 m'holo ya anthu 700 amaoneka khamu ndipo zithunzi zake zimakugulitsirani shoo yotsatira, pamene anthu omwewo m'holo yaikulu ya BICC ku Lilongwe kapena m'bwalo la zamasewero amaoneka ngati shoo yalephera. Pitani nokha kukaona malowo nthawi ya usiku, muwerenge makomo ndi mipata imene munthu angalowere popanda kudutsa pageti, muone zimbudzi, malo oimika magalimoto, ndiponso ngati minibasi ndi makabaza zimapezeka pafupi shoo ikatha. Mufunse mwini malo, ndipo yankho lilembedwe, kuti phindu la bala lidzakhala la yani.

Gawo 3: Lembani mgwirizano ndi woimba musanalengeze dzina lake

Mawu a pafoni si mgwirizano. Pepala limene inu ndi woimba kapena manejala wake mudzasainire linene malipiro onse, dipoziti ndi tsiku loiperekera, nthawi yoperekera zotsala, kutalika kwa nthawi imene adzaimbe, ngati adzaimba ndi bandi kapena motsatira nyimbo zojambula kale, chiwerengero cha anthu amene adzabwere nawo, ndi zimene zidzachitike mbali imodzi ikalephera kukwaniritsa. Onjezanipo mfundo ziwiri zimene ambiri amaziiwala. Yoyamba ndi yakuti woimbayo asakaimbe pa shoo ina mumzinda womwewo masiku oyandikana ndi tsiku lanu, chifukwa munthu amene wamuonera kwaulere Lachisanu sadzalipira kuti amuonenso Loweruka. Yachiwiri ndi yakuti ajambule kavidiyo kafupi kotchula tsiku ndi malo ndi pakamwa pake, ndipo akaike pamasamba ake. Anthu a kuno anapusitsidwapo ndi maposita okhala ndi nkhope za oimba amene sanabwere, kotero ambiri sagula tikiti mpaka atamva mwiniwake akunena.

Ngati mukuganiza zoitana woimba wakunja, dziwani kuti malipiro ake amakhala m'madola kapena m'marandi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki, kotero mtengo umene mwagwirizana lero ukhoza kudzakudyerani phindu lonse podzafika tsiku lolipira. M'maganizo anga, promota amene sanakonzepo mashoo angapo opindula ndi oimba a kuno sanafike poti n'kuitana wakunja, ndipo oimba awiri kapena atatu a m'dziko muno osankhidwa bwino amatha kudzaza holo pa mtengo wotsika kwambiri.

Gawo 4: Tengani zilolezo nthawi ikadalipo

Pitani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, mukalipire chiphaso choimbira nyimbo pagulu. Pitaninso ku Censorship Board kukatenga chilolezo cha zisangalalo za pagulu, mudziwitse polisi ya m'dera lanu mwa kalata, ndipo mufunse kukhonsolo zimene amafuna pa nkhani ya phokoso ndi kumata maposita. Ku MRA mukafunse za msonkho umene muyenera kudula pa malipiro a oimba, ndipo mugwirizane ndi woimbayo kuyambira pachiyambi ngati ndalama imene watchula ikuphatikiza msonkhowo. Woimba wakunja amafunikanso chilolezo chochokera ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Yambani zonsezi mwezi wathunthu tsiku lisanafike, ndipo malisiti ake mudzakhale nawo m'thumba pa tsiku la shoo.

Gawo 5: Fikirani makampani ndi zimene adzapindule

Makampani a zakumwa, a mafoni ndi mabanki ndiwo amathandiza kawirikawiri zoimbaimba, koma amalandira makalata opempha thandizo ochuluka kuposa amene angayankhe. Kalata yongonena kuti mukufuna kutukula luso imangounjikidwa pamulu. Lembani tsamba limodzi kapena awiri onena kuti mukuyembekezera anthu angati, amsinkhu wanji, kampaniyo idzagulitsa chiyani pamalopo, ndipo dzina lake lidzaoneka pati ndi kutchulidwa kangati. Ngati munakonzapo shoo, ikanimo zithunzi ndi chiwerengero chenicheni cha amene analipira. Musakane thandizo losakhala la ndalama, popeza kampani yokupatsani matenti, siteji kapena nthawi ya pawailesi yakuchotserani mzere wathunthu m'buku lanu la zowononga.

Chenjezo: lonjezo la kampani silinakhale ndalama mpaka litalembedwa, ndipo makampani ena amalipira shoo itatha. Funsani tsiku lenileni lolipira musanadalire ndalamazo pa dipoziti.

Gawo 6: Gulitsani matikiti pasadakhale

Apa ndi pamene bizinesi ya mashoo yasintha kwambiri, ndipo ndi pamene mapromota ambiri akutsalira. Kale munthu wa ku Area 25 kapena ku Ndirande ankayenera kukwera minibasi kuti akagule tikiti m'tauni, kotero ankangodikira kudzalipira pageti. Lero akhoza kulipira ali pakhomo pake kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo ntchito yanu ndi kumupatsa chifukwa choti alipire lero osati tsiku la shoo.

Chifukwa choyamba ndi mtengo. Ikani mitengo itatu yosiyana moonekeratu, mwachitsanzo K8,000 kwa anthu 150 oyambirira, K10,000 mpaka dzulo lake la shoo, ndi K13,000 pageti. Kusiyana kwa K500 sikusuntha munthu. Mukanena kuti matikiti otsika mtengo atha pa tsiku lakutilakuti, atheredi pa tsikulo, chifukwa mukangowonjezera nthawi kamodzi anthu amaphunzira kuti mawu anu alibe mphamvu ndipo ulendo wina adzadikira. Mukhozanso kuika mtengo wa gulu, kuti anthu asanu ogulira pamodzi alipire za anayi, popeza anthu ambiri amapita kushoo ndi anzawo ndipo mmodzi akagula amakoka enawo. Matebulo a VIP mugulitse mwachindunji poimbira foni mabwana a makampani ndi eni mabizinesi, osangodikira kuti adzaone posita.

Chifukwa chachiwiri ndi chikhulupiriro. Aliyense amene walipira pafoni alandire msanga uthenga wotsimikiza wokhala ndi nambala ya tikiti yake, ndipo dzina lake ndi nambala yake ya foni zilembedwe pa mndandanda umodzi wokha umene udzapite pageti. Nambala yolandirira ndalama ikhale imodzimodzi paposita, pawailesi ndi pa Facebook, ndipo muchenjeze anthu mobwerezabwereza kuti palibe nambala ina, chifukwa akathyali amatha kutenga posita yanu n'kusinthapo nambala. Kwa amene amakonda tikiti yogwira m'manja, sankhani malo awiri kapena atatu odziwika bwino, monga shopu ya pamalo okwerera basi kapena malo odyera, muwapatse matikiti owerengeka mosainirana, ndipo muzitolera ndalama masiku awiri aliwonse.

Madzulo aliwonse yerekezani matikiti ogulidwa ndi nambala ija munailemba pachikuto cha buku. Ngati kwatsala sabata imodzi ndipo simunafike ngakhale theka lake, muli ndi nthawi yochepetsa zowononga, yokambirananso ndi mwini malo, kapena yolimbitsa kutsatsa kumene anthu akuyankha. Promota wodalira geti amadziwa za vuto lake shoo itayamba kale, pamene palibenso chimene angasinthe. Mndandanda wa ogulawo muusunge bwino, ndipo kwa amene avomera kulandira mauthenga, iwowo ndiwo mudzayambe kuwauza za shoo yotsatira popanda kulipira wailesi iliyonse.

Gawo 7: Tsatsani kumene anthu anu ali

Yambani masabata asanu kapena asanu ndi limodzi tsiku lisanafike. Posita ikhale ndi zinthu zochepa zowerengeka munthu ali m'minibasi yoyenda: dzina la woimba, tsiku, malo, mtengo ndi nambala yolipirira. Muikonze m'mitundu iwiri, ina yosindikiza ndi ina yokwanira bwino pa sitetasi ya WhatsApp, ndipo fayilo yake ikhale yopepuka chifukwa anthu amasamala bandulo.

Njira yotsatsira itengere mtundu wa nyimbo. Achinyamata okonda oimba amakono mudzawapeza pa TikTok, Facebook ndi WhatsApp, ndipo kwa iwo kavidiyo ka woimba akuyeserera ndi bandi kamagwira ntchito kuposa posita. Shoo ya nyimbo zauzimu imayenda ndi zolengeza za m'matchalitchi ndi magulu a makwaya. Okonda rege ndi mabandi akale, monga otsatira Black Missionaries, ambiri amamvabe za mashoo pawailesi, kotero MBC Radio 2, Zodiak, Times Radio kapena wailesi ya m'dera lanu ndi zofunika. Pemphani kuti woimba akacheze nawo pa pulogalamu ya nyimbo ndipo mupereke matikiti ochepa oti omvera apikisanirane. M'matauni ang'onoang'ono ndi m'misika, galimoto ya chimkuzamawu yozungulira masiku awiri omaliza imafikabe kumene intaneti siifika.

Chenjezo: anthu olemba kuti "tidzakhalapo" pansi pa posita ya pa Facebook si ogula. Funsani wogula aliyense kuti anamva kuti za shooyo, ndipo ndalama zotsatsira za sabata yomaliza muziike pa njira imene yabweretsa ogula enieni.

Gawo 8: Konzani zida ndi magetsi

Musabwereke zida zimene simunazimvepo zikulira. Tumizani kwa mwini zida mndandanda wa zimene bandi ikufuna, ndipo kuyesa zida kuthe maola awiri geti lisanatsegulidwe. Musadalire magetsi a ESCOM okha: jenereta ikhalepo, yamphamvu yokwanira masipika ndi nyali zonse pamodzi, ndipo iyesedwe zonsezo zili zoyaka. Mafuta ake agulidwiretu, pokumbukira kuti nthawi imene mafuta akusowa bungwe la MERA limatha kuletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo.

Gawo 9: Tetezani geti

Ndalama zambiri za shoo zimatayikira pa mtunda wa mamita awiri, pakati pa tebulo la matikiti ndi khomo. Wogulitsa tikiti asakhale yemweyo woing'amba, ndipo onse awiri asakhale anthu amene abwera ndi mwini malo kapena ndi woimba. Tikiti iliyonse ing'ambidwe pamaso pa mwini wake, chidutswa chong'ambidwacho chiponyedwe m'bokosi lokhoma, kenako munthuyo amangidwe chibangili. Tikiti imene yangolandidwa yosang'ambidwa imabwerera kunja kudzera m'thumba la wina ndipo imagulitsidwanso pa theka la mtengo.

Olipira pafoni ali pamzere amafunika tcheru chapadera. Munthu akhoza kukuonetsani uthenga wooneka ngati wa Mpamba kapena Airtel Money, dzina lanu ndi ndalama zake zilipo bwinobwino, koma uli uthenga umene mnzake wamutumizira atasintha manambala. Wa pageti asamayang'ane foni ya wogula. Aziyang'ana foni yolandirira ndalama, ndipo uthenga ukapanda kufika pamenepo munthuyo aime pambali mwaulemu mpaka ufike.

Mndandanda wa olowa ulere utsekedwe dzulo lake. Woimba aliyense apatsidwe chiwerengero chake monga mwa mgwirizano, atolankhani ndi a makampani othandiza alembedwe mayina, ndipo inu mwini musaime pageti, chifukwa msuweni wanu, mnzanu wa kusukulu ndi bwana wa kuntchito kwanu akakupezani pamenepo mudzalephera kuwabweza. Ndalama zizichotsedwa patebulo ola lililonse, ziwerengedwe ndi anthu awiri, ndipo zilembedwe mosainirana.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Cholakwa chofala kuposa zonse ndi kuyamba mochedwa. Posita imanena 7 koloko madzulo, koma woimba wamkulu amakwera pasiteji 2 koloko usiku anthu ena atapita kale, ndipo amenewo sadzagulanso tikiti yanu pasadakhale. Lembani ndondomeko ya nthawi ya woimba aliyense, muimate kuseri kwa siteji, ndipo woyang'anira siteji akhale ndi mphamvu yotsitsa amene wapitirira nthawi.

China ndi kudzaza posita ndi oimba 15 poganiza kuti kuchuluka kwa mayina ndiko kumakoka anthu, pamene kwenikweni kumangochulukitsa zowononga ndi kutalikitsa usiku. Palinso chizolowezi cholonjeza woimba kuti ndalama zake zotsala zidzachokera pageti, zimene zimabala mkangano kuseri kwa siteji pamene anthu akudikira kutsogolo. Ndalama za woimba, za mwini zida ndi za apolisi zikhale m'maenvelopu osiyana geti lisanatsegulidwe.

Ena amatsitsa mtengo wa pageti pakati pa usiku poona kuti anthu aunjikana kunja osalowa. Anthu amenewo amakhala akudikira zomwezo, ndipo mukangowagonjera mwalanga amene anakukhulupirirani n'kugula msanga. Ena amasakaniza ndalama za shoo ndi za pakhomo pa nambala imodzi ya foni, kotero kuti pomaliza sangathe kunena ngati apindula kapena aluza.

Pomaliza pali mapromota amene shoo ikalephereka amazimitsa foni. Ngati mvula, maliro kapena kusabwera kwa woimba kwakukakamizani kuimitsa shoo, lengezani tsiku lomwelo pa njira zonse zimene munatsatsira, nenani tsiku latsopano ngati lilipo, ndipo amene akufuna ndalama zawo muwabwezere pa nambala zimene analipirira pasanathe masiku amene mwalonjeza. Ichi ndi chifukwa chake ndalama za matikiti ogulidwa pasadakhale siziyenera kugwiritsidwa ntchito zonse shoo isanachitike. Gawo lina likhale losakhudzidwa mpaka woimba wamkulu atakwera pasiteji.